Feteleza Wochokera Mumpweya: Ntchito Imene Inabadwa Pofuna Liwiro

Pa magawo 100 alionse a mpweya umene timapuma, magawo 78 ndi nayitrojeni, chakudya chimene chimanga chimafuna kwambiri kuposa china chilichonse chomwe mlimi amathira m'munda. Komabe chimanga chimachita chikasu n'kupinimbira chili chiimire pakati pa mpweya womwewo, mwini munda ali pamzere kudepoti kudikira thumba la yureya lopangidwa kutsidya kwa nyanja. Chifukwa chake n'chodziwika. Nayitrojeni wa mumpweya amayenda maatomu awiriawiri, omangana ndi mfundo zitatu zolimba kwambiri moti mbewu singazimasule. Kuti akhale chakudya, mfundozo ziyenera kuduka, iye n'kugwirana ndi zinthu zina monga haidrojeni kuti asanduke amoniya, amene ndiye kholo la yureya, CAN ndi pafupifupi feteleza yense wa nayitrojeni amene ali pamsika. Chimene nkhani ino ikufuna kuonetsa n'chakuti ntchito yopanga feteleza ameneyu, yomwe inayambira ku Germany zaka zoposa 110 zapitazo, sinabadwe chifukwa wina anatulukira kuti amoniya ndi nayitrojeni wogwirana ndi haidrojeni. Zimenezo zinkadziwika kale. Inabadwa pamene anthu anapeza njira yoti kugwiranako kuzichitika msanga, ndipo liwiro limenelo ndi limene mlimi amalipira mpaka lero akamagula thumba.

Kuti mbiri imeneyi imveke, tiyenera kusiyanitsa mafunso awiri amene anthu amakonda kuwaphatikiza. Loyamba n'lakuti, kodi zinthu izi zingasandulike n'kukhala china? Lachiwiri n'lakuti, kodi zidzatenga nthawi yaitali bwanji? Chipika chouma chimatha zaka chili pabwalo, mpweya woyatsa moto ukuchizungulira usana ndi usiku, koma osayaka. Muchiwaze, muyandikize khala lamoto ndi kuuzira, chimatha madzulo amodzi. Mtengo ndi womwewo, mpweya ndi womwewo, chasintha ndi liwiro basi. Sayansi imafotokoza kuti tizigawo ta zinthu tiyenera kugundana, ndiponso kugundana ndi mphamvu yokwanira, kuti mfundo zakale ziduke ndi zatsopano zimangike. Kutentha kumathamangitsa tizigawoto. Svante Arrhenius wa ku Sweden anaika zimenezi m'masamu mu 1889, ndipo pa zinthu zambiri kungokweza kutentha ndi madigiri 10 kumawirikiza liwiro pafupifupi kawiri. Kuthithikana kumachulukitsa kugundana, ndipo mipweya imathithikana ikapanikizidwa m'chotengera cholimba. Chinthu cholimba chikaphwanyidwa, malo ogundirapo amachuluka. Ndiye pali chachinayi, chodabwitsa kuposa zinzakezi, chimene Jöns Jacob Berzelius anachifotokoza mu 1835: pali zinthu zina zimene zimafulumizitsa kusandulika kwa zinzake koma izo osatha. Chinthu chotere chimatchedwa katalisiti. Anthu ofuna feteleza anayesa njira zinayizi imodziimodzi n'kulephera, mpaka pamene anadziwa kuzigwiritsa ntchito pamodzi.

Feteleza wa nayitrojeni asanayambe kupangidwa m'mafakitale, ankachita kukumbidwa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840, sitima zapamadzi zinkanyamula zitosi za mbalame za m'nyanja kuchokera kuzilumba za Chincha ku Peru kupita nazo kuminda ya ku Ulaya ndi ku America. Ambiri mwa okumbawo anali ochokera ku China, ndipo ankagwira ntchito mosasiyana kwenikweni ndi akapolo. Milu imene inaunjikana kwa zaka masauzande inatha m'zaka pafupifupi 30. Mbalame sizinasiye kutera pazilumbapo, koma sitima zinkachotsa msanga kuposa mmene mbalamezo zinkabwezera. Maso a amalonda anatembenukira ku mchere wa nayitireti wa m'chipululu cha Atacama, ndipo mcherewo unautsa nkhondo pakati pa Chile, Peru ndi Bolivia kuyambira 1879 mpaka 1884. Chile inapambana n'kutenga chipululucho, Bolivia n'kutsala yopanda doko mpaka lero, vuto limene ife a ku Malawi ndi Zambia sitifunika kuchita kuuzidwa ululu wake. Mu 1898 William Crookes, polankhula pamsonkhano wa asayansi mumzinda wa Bristol, anachenjeza kuti mchere wa ku Chile nawonso udzatha, ndipo mayiko odya tirigu adzagwa m'njala ngati akatswiri sapeza njira yokolera nayitrojeni wa mumpweya.

Oyamba kuyankha anadalira moto wokhawokha. Zinkadziwika kuti mphezi ikang'anima, kutentha kwake kumadula mfundo za nayitrojeni n'kumugwirizanitsa ndi okosijeni. Mu 1903 Kristian Birkeland ndi Sam Eyde a ku Norway anapanga mphezi yawoyawo ndi magetsi, yotentha pafupifupi madigiri 3,000, ndipo pofika 1905 fakitale inali ikugwira ntchito ku Notodden, kenako ina yaikulu ku Rjukan. Njirayi inkathekadi, koma inkameza magetsi ochuluka zedi pa feteleza wochepa, moti inkapindula kokha kumene mathithi akuluakulu ankapereka magetsi otsika mtengo. Kampani imene inamangidwa pa luso limeneli, Norsk Hydro, inadzaisiya njirayo n'kuyamba kupanga amoniya ngati Ajeremani, ndipo nthambi yake ya feteleza ndi imene lero ikutchedwa Yara. Ku Norway kunaoneka kuti kutentha pakokha kungagule liwiro, koma pamtengo woti mlimi sangaufikire.

Njira ya amoniya inali ndi msampha wakewake, ndipo nkhani yonse yagona pa msamphawu. Nayitrojeni ndi haidrojeni zikamagwirana zimatulutsa kutentha, ndipo kusandulikako kumatha kubwerera m'mbuyo: amoniya amaphwasukanso n'kukhala mipweya iwiri ija. Malinga ndi lamulo limene Henri Le Chatelier wa ku France anafotokoza mu 1884, kusandulika kotulutsa kutentha kumakondwera ndi pozizira. Ndiye kuti pozizira amoniya angakhale wambiri, koma pozizira pomwepo mfundo zitatu zija siziduka, ndipo munthu angadikire mpaka imvi osaona dontho. Mukasonkhezera moto kuti zinthu zifulumire, zimafulumiradi, koma amoniya amene wapangidwa amaphwasuka nthawi yomweyo. Fritz Haber, mphunzitsi wa sayansi ku Karlsruhe, anayesa mu 1904 ndi 1905 pa madigiri pafupifupi 1,000 pogwiritsa ntchito chitsulo, n'kupeza amoniya wochepetsetsa, wosakwana ngakhale gawo limodzi pa magawo 1,000, ndipo iye mwini anaona kuti palibe malonda pamenepo. Ena otchuka kuposa iye anali atagwa kale. Mu 1900 Wilhelm Ostwald ananena kuti wapanga amoniya, koma kampani ya BASF itauza mnyamata wina wongoyamba kumene ntchito, Carl Bosch, kuti aone ngati n'zoona, iye anapeza kuti amoniyayo ankachokera ku nayitrojeni amene anali kale m'chitsulo cha Ostwald. Kenako mu 1907, pamsonkhano wa ku Hamburg, Walther Nernst anatsutsa Haber pagulu ponena kuti manambala ake anali okwera kuposa zenizeni. Manyazi a tsiku limenelo anamubwezera Haber pa ntchito imene anali ataitaya.

Chimene Haber anachita m'zaka ziwiri zotsatira, mothandizidwa ndi Robert Le Rossignol, wachinyamata wa ku chilumba cha Jersey amene anali ndi dzanja labwino pa zipangizo, chinali kugawira ntchito njira zofulumizitsira zija, iliyonse mbali yake. Kagawo kamodzi ka nayitrojeni ndi titatu ta haidrojeni, tinayi pamodzi, timasanduka tiwiri tokha ta amoniya, choncho kupanikiza kumakankhira zinthu kumbali ya amoniya, kwinaku kukuchulukitsa kugundana. Anthu awiriwa anapanikiza mipweyayo kuwirikiza pafupifupi ka 200 poyerekeza ndi mmene mpweya wa panja umatipanikizira, zimene akatswiri a mafakitale a nthawiyo ankaziona ngati kuputa ngozi dala. Kutentha anakutsitsa kufika pakati pa madigiri 500 ndi 600, ndipo liwiro limene linatayika potsitsa motowo analibweza ndi katalisiti wa chitsulo chosowa chotchedwa osmium. Pa 2 Julaye 1909 akatswiri a BASF anafika ku Karlsruhe kudzadzionera okha. Makinawo anayamba avuta, moti Bosch anabwerera asanaone kanthu. Mnzake Alwin Mittasch anatsala, ndipo anaona amoniya wamadzi akudontha. Sankadzaza ngakhale kapu imodzi pa ola, koma ankadontha osaleka.

Wodziwa sayansi angatsutse pano. Anganene kuti chimene chinapambana si liwiro ayi, koma kupanikiza, pakuti ndi kumene kunachulukitsa amoniya wotuluka, ndipo katalisiti sawonjezera ngakhale pang'ono amoniya amene angathe kupangidwa pa kutentha kwakutikwakuti. Mbali yachiwiri ya mawuwa ndi yoona. Katalisiti amafulumizitsa kupita ndi kubwerera mofanana, amangofikitsa zinthu msanga pamene zikanafika kale. Koma tiyeni tione mmene eni mafakitale akhala akuyendetsera ntchitoyi kuyambira nthawi ya Haber, pakuti zochita zawo zimaulula chimene amachiika patsogolo. Akanakhala kuti akufuna amoniya wochuluka pa ulendo umodzi, akanatsitsa moto kwambiri n'kumadikira. M'malo mwake amasunga kutentha pakati pa madigiri 400 ndi 500, akudziwa bwino kuti mpweya ukadutsa kamodzi pa katalisiti, magawo pafupifupi 15 okha pa 100 ndi amene asandulike. Amoniyayo amamuziziritsa kuti akhale wamadzi n'kumuchotsa, mpweya wotsalawo n'kuubweza kuti udutsenso, kubwereza chomwecho mpaka pafupifupi wonse utasandulika. Nzeru yozunguliza mpweya chonchi inali ya Haber yemweyo, ndipo ine ndimaona kuti ndi imene ikuonetsa kuchenjera kwake kuposa china chilichonse: anavomera kukolola pang'ono, bola kukololako kuzichitika msanga ndiponso mosalekeza. Mwini fakitale sawerengera zimene zingatheke tsiku lina, amawerengera matani otuluka pa tsiku.

Makina a patebulo a Haber sakanadyetsa ngakhale mudzi umodzi, ndipo apa m'pamene mbiri yofala imalakwira anthu ena. Osmium yense amene akanapezeka pamsika nthawiyo ankangokwana makilogalamu pafupifupi 100. Uranium, amene Haber anayesanso, ankawonongeka akangokhudzana ndi chinyezi kapena okosijeni. Ntchito yosaka katalisiti wotsika mtengo inagwera Mittasch, ndipo inali ntchito yopanda ulemerero: anakonzetsa timakina tambirimbiri toyesera, n'kumaikamo ichi lero, china mawa, usana ndi usiku. Chakumapeto kwa 1909 mwala wina wachitsulo wochokera ku Sweden unagwira ntchito bwino modabwitsa, pamene chitsulo choyengedwa bwino chinkafooka msanga. Mittasch anazindikira kuti chinsinsi chinali m'tizitsotso ta m'mwalamo. Pofika 1912 gulu lake linali litayesa zinthu pafupifupi 2,500 m'mayeso okwana pafupifupi 6,500, ndipo linali litatsimikiza kuti chofunika ndi chitsulo chothiridwa alumina ndi potaziyamu pang'ono. Alumina amaletsa tinjere ta chitsulo kuumbika pamodzi pakatentha, motero chitsulocho chimakhalabe ndi timibowo tosawerengeka, malo ambiri oti mpweya ugundepo. Potaziyamu amawonjezera changu cha chitsulo podula nayitrojeni. Anapezanso kuti sulufule, ngakhale wochepetsetsa, amapha katalisiti, choncho mipweya iyenera kuyeretsedwa kwambiri isanalowe. Anthuwa ankadziwa chimene chikugwira ntchito koma osadziwa bwinobwino chifukwa chake. Panapita zaka zoposa 60 kuti Gerhard Ertl aonetse mwatsatanetsatane kuti nayitrojeni amayamba wamatirira pachitsulo, pomwepo mfundo zake n'kuduka, ndipo kudukako ndi kumene kumachedwa kuposa zina zonse, moti ndi kumene kumalamulira liwiro la ntchito yonse. Ertl analandira mphoto ya Nobel mu 2007. Haber anapatsidwa ya chaka cha 1918, Bosch ya 1931. Mittasch sanalandire, chikhalirecho katalisiti wa m'mafakitale ambiri lero ndi wa mtundu womwe uja anaupeza iye.

Bosch naye anali ndi yake nkhondo. Mapaipi oyamba a chitsulo cholimba ankaphulika atangogwira ntchito maola pafupifupi 80. Atawacheka n'kuwaunika, anapeza kuti haidrojeni wotentha ndi wopanikizidwa ankalowerera m'chitsulomo n'kudya kaboni amene amachilimbitsa, chitsulocho n'kumangothetheka. Kutentha ndi kupanikiza kumene kunkafulumizitsa amoniya kunkafulumizitsanso kuwonongeka kwa chotengera chake. Mu 1911 Bosch anaika mkati mwa paipi chitsulo chofewa chopanda kaboni wambiri, kunja n'kuvekako chitsulo cholimba chobooledwa timabowo ting'onoting'ono kuti haidrojeni wolowerera azithawira panja. Mu Seputembala 1913 fakitale ya ku Oppau, pafupi ndi Ludwigshafen m'mphepete mwa mtsinje wa Rhine, inayamba kugwira ntchito, yokonzedwa kuti izitulutsa matani pafupifupi 30 a amoniya pa tsiku. Kuchokera pa madontho a patebulo aja panali patangopita zaka zinayi.

Ena amati chimene chinakuza ntchitoyi ndi nkhondo, osati sayansi ya liwiro, ndipo umboni wawo si wopepuka. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itabuka mu 1914, sitima za Britain zinatsekera Germany njira ya ku Chile, pomwe nayitireti ndi amene amapangira onga ndi mabomba. Boma linathira ndalama, BASF inalonjeza kusandutsa amoniya kukhala nayitireti, ndipo mu 1917 fakitale ina yaikulu inatsegulidwa ku Leuna. Olemba mbiri ambiri amavomereza kuti popanda amoniya ameneyu Germany ikanasowa zida msanga ndipo nkhondo ikanafupika. Haber mwiniwake anadetsa dzina lake potsogolera ntchito yothira adani mpweya wapoizoni wa kolorini ku Ypres mu Epulo 1915, ndipo dziko limene analitumikira motero linadzamutaya mu 1933 chifukwa anabadwa Myuda. Anamwalira ku Basel chaka chotsatira. Zonsezi n'zoona, koma madeti akunena kanthu kena. Oppau inayamba kugwira ntchito pafupifupi chaka chimodzi nkhondo isanayambe, ndipo inamangidwa kuti izipanga feteleza. Nkhondo inabweretsa ndalama ndi changu, koma ndalama sizikanagula katalisiti amene anali asanapezeke. Umboni wina ndi wakuti mayiko opambana nkhondoyo, ngakhale anali ndi chuma komanso analanda zikalata za umwini wa luso la Ajeremani, anavutika zaka zingapo asanayendetse bwino mafakitale awoawo, chifukwa zimene zinali papepala sizinkaulula zonse za kakonzedwe ka katalisiti ndi kasamalidwe ka makinawo.

Ku Oppau komweko dziko linaonanso kuti liwiro limapha. Feteleza wosakaniza amoniyamu salufeti ndi amoniyamu nayitireti ankaumbika n'kulimba gwa m'nkhokwe, ndipo antchito ankamuswa ndi mabomba ang'onoang'ono, zimene anali atachita nthawi masauzande ambiri popanda ngozi. M'mawa wa pa 21 Seputembala 1921 nkhokwe imene munali matani pafupifupi 4,500 inaphulika, anthu oposa 500 anafa, ndipo nyumba zambiri za m'tauniyo zinagwa. Ofufuza anapeza kuti kaumitsidwe ka fetelezayo kanali katasinthidwa miyezi ingapo m'mbuyomo, moti anali wouma kwambiri ndi wa timibowo, komanso sanasakanizike mofanana paliponse. Chinthu chimene m'munda chimadyetsa mbewu pang'onopang'ono kwa milungu chinamasula mphamvu zake m'kuphethira kwa diso. Zofanana nazo zinachitika padoko la Beirut pa 4 Ogasiti 2020, pamene amoniyamu nayitireti wotsitsidwa m'sitima imene inkapita ku Beira anaphulika atagwidwa ndi moto, n'kupha anthu oposa 200.

Kutsutsa kwamphamvu kuposa konse kumachokera kumunda. Nandolo, mtedza, soya, khobwe ndi mtengo wa msangu zimakola nayitrojeni wa mumpweya popanda madigiri 500 kapena paipi yachitsulo; nanga bwanji tikunena kuti liwiro liyenera kugulidwa? Alimi ankadziwa kuyambira kalekale kuti mbewu za m'gulu la nyemba zimabwezera chonde, ndipo m'zaka za m'ma 1880 Hermann Hellriegel ndi Hermann Wilfarth anaonetsa kuti ntchitoyi imachitikira m'timibulu totupa ta kumizu, mmene mumakhala mabakiteriya. Koma mabakiteriyawo sanazembe lamulo lija. Nawonso ali ndi katalisiti wawo, wopangidwa m'thupi mwawo, amene pakati pake pali chitsulo ndi molybdenum, ndipo nawonso sagwira ntchito ulele: mbewu imawapatsa shuga amene yapanga ndi dzuwa, ndipo shugayo ndi wambiri ndithu. Malipiro alipo, kungoti amachokera kudzuwa, osati kumgodi wa malasha. Kusiyana kwenikweni kuli pa changu. Munda wa nandolo umasonkhanitsa nayitrojeni wake m'nyengo yathunthu, pamene fakitale yaikulu ya masiku ano imatulutsa matani oposa 1,000 a amoniya tsiku lililonse. Sikuti njira ya mizu ndi yachabe. Kwa mlimi amene sangakwanitse matumba okwanira, kasinthasintha ndi kasakaniza wa mbewu ndi chuma chenicheni, ndipo zimasamala nthaka m'njira imene yureya sangathe; boma lililonse loiwala zimenezi chifukwa chotengeka ndi matumba limalakwitsa. Koma ofufuza amene anawerengera nkhaniyi mosamala, monga Vaclav Smil, anapeza kuti anthu pafupifupi awiri mwa asanu alionse, ena amati theka, amadalira chakudya chimene sichikanakhalapo popanda amoniya wa m'fakitale. Anthu anachuluka msanga kuposa mmene mizu ingabwezere.

Ngati liwiro limagulidwa, ndalama yake ndi moto. Fakitale ya amoniya imafuna mphamvu zotenthetsera, zopanikizira, ndipo koposa zonse zopangira haidrojeni, amene amachita kuchotsedwa m'madzi, m'malasha kapena mu gasi wa pansi panthaka. Oppau inkadalira malasha. Nkhondo yachiwiri itatha, mafakitale ambiri anasamukira ku gasi, ndipo m'zaka za m'ma 1960 makina atsopano opanikizira mpweya anachititsa kuti mafakitale akule kwambiri, mtengo wa feteleza n'kutsika, yureya n'kufalikira padziko lonse. Lero kupanga amoniya kumadya gawo limodzi kapena awiri pa magawo 100 a mphamvu zonse zimene dziko lapansi limagwiritsa ntchito, ndipo mbali yaikulu ya mtengo wa amoniya ndi mtengo wa gasi. N'chifukwa chake gasi atakwera mtengo mu 2021, n'kudzakwereratu asilikali a Russia atalowa mu Ukraine mu 2022, mafakitale ambiri a ku Ulaya anachepetsa kapena kuimitsa ntchito, ndipo mu 2023 BASF inalengeza kuti ikutseka imodzi mwa mafakitale ake awiri a amoniya ku Ludwigshafen, kumene ntchitoyi inabadwira. Luso linalipo, katalisiti analipo, koma moto unali utadula.

Zimenezi zikuyankhanso funso limene limamveka kawirikawiri pamisonkhano ya ndale ndi pa wailesi: poti mpweya ndi waulere, bwanji osangomanga fakitale yathuyathu? Oyandikana nafe anayesa. Zambia inatsegula Nitrogen Chemicals of Zambia ku Kafue mu 1970, haidrojeni akuchokera ku malasha, koma m'kupita kwa zaka mbali yopanga amoniya inaima ndipo kampaniyo inayamba kudalira zipangizo zogula kunja. Ku Zimbabwe, Sable Chemicals ya ku Kwekwe inkachotsa haidrojeni m'madzi pogwiritsa ntchito magetsi kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo inali imodzi mwa mafakitale akuluakulu a mtundu umenewu padziko lonse. Mu 2015 inazimitsa makinawo chifukwa magetsi anali osowa ndi odula, n'kutsalira pa kuitanitsa amoniya kuchokera kunja. Konseku sikuti mpweya unatha. Malawi ilibe fakitale ya amoniya. Zimene zilipo ndi zosakaniza feteleza wobwera kale kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Kusakaniza n'kwabwino, kumapereka mpata wokonza feteleza wogwirizana ndi nthaka ya dera, koma sikuchotsa mtengo wa gasi umene uli kale m'kanjere kalikonse. Gasi wapafupi ndi ife ali ku Mozambique, ku Pande ndi Temane komanso kunyanja ya Cabo Delgado, ndipo eni ake ali ndi ogula ena amene amalipira ndi ndalama zakunja. Aliyense wolonjeza fakitale ayambe wanena kumene gasi kapena magetsi adzachokere, ndiponso pamtengo wanji.

Thumba likafika pakhomo, kaya ladzera pa kuponi monga zinayambira mu 2005 nthawi ya Bingu wa Mutharika, kaya lagulidwa ndi ndalama za fodya kapena za mwana amene ali ku Johannesburg, malamulo a liwiro amalitsatira mpaka kumunda, koma tsopano amagwira ntchito mobweza. M'nthaka muli katalisiti wina wachilengedwe amene amaphwanya yureya n'kumubweza kukhala amoniya, ndipo amachita changu kwambiri dothi likakhala lotentha ndi lachinyezi, monga mmene limakhalira mu Disembala ndi Januwale. Yureya akamwazidwa pamwamba pa mzere n'kusiyidwa padzuwa, mbali ina ya amoniyayo imauluka m'masiku ochepa, chimanga chisanamulawe n'komwe. Akakwiriridwa, dothi limamugwira mpaka mizu itamupeza. Langizo la alangizi loti tizibaya dzenje pambali pa phando, kuthira ndi kukwirira, si mwambo wongovutitsa nawo anthu. Pa mtengo wa gasi wa ku Ulaya kapena ku Arabia mlimi alibe mawu, koma pa ichi ali nawo. Feteleza wobereketsa akwiriridwe tsiku lomwe wathiridwa.